Mbasela Imene Inathetsa Banja la Mng'ono Wanga

1

Dzina langa ndine Tryphena, koma pamsika wa Lundazi amanditchula NyaZimba wa mafilimu. Ndili ndi kashopu kamalata kuseri kwa ogulitsa matayala a njinga. Ntchito yanga ndi kuika mafilimu ndi nyimbo m'mafoni ndi m'timakhadi ta memori. Munthu amabwera nkunena kuti akufuna a nkhondo, a chikondi kapena omasuliridwa m'Chinyanja, ine nkumukopera kuchokera pakompyuta. Sindine wolankhulalankhula, ndipo nkhani iyi ndakhala nayo zaka zitatu. Ndikuilemba chifukwa ndikagwada kuti ndipemphere, ndi iyo imatsogola pakamwa.

Pantchito yathu pali chizolowezi chimene tinatengera kwa amayi ogulitsa tomato. Ukagula mulu, amakuikira kamodzi kapamwamba, mbasela. Ifenso munthu akaikitsa mafilimu angapo timamuwonjezera tizidutswa tatifupi taulere: wina wagwa panjinga, mbuzi yalowa m'kalasi, mkwati wakomoka paukwati. Ine ndinkatiika m'kafoda kakekake kolembedwa kuti Mbasela. Alimi ochokera kumidzi akagulitsa mtedza wawo ankadzaza pakhomo panga, ndipo ambiri ankayamba atsegula kafodako asanaone ndi filimu yomwe. Khadi limodzi likafika kumudzi limayenda m'mafoni ambirimbiri sabata isanathe, ngakhale kumene netiweki sifika.

Amuna anga, a Luckson, ankajambula maukwati. Tinali titakhala zaka zisanu ndi zinayi m'banja popanda mwana, ndipo iwo sanandinenepo mawu opweteka pa zimenezo. Mtima wawo wonse unali pakupanga filimu ya kwathu kuno. Yoyamba anaipanga ndithu. Anamata zithunzi m'mitengo, anamangirira sipika panjinga nazungulira boma lonse akulengeza. Tsiku loionetsa mipando yambiri inangokhala yokha. Anthu ankati, tikaone chiyani, nkhope zomwe timakumana nazo pachigayo? A Luckson anabwera kunyumba mawu atatha, koma anayamba kaye andifunsa ngati ndadya.

2

Mng'ono wanga Faides anakwatiwa ku Magodi ndi Ezron, mwamuna wofatsa amene ankagwira ntchito yolondera nyama kumbali ya Lukusuzi, ndipo ankatha milungu ingapo ali kutchire. Faides ankaimba kwaya kutchalitchi cha kumeneko. Nthawi iliyonse akabwera kuboma ankandibweretsera mtedza wosenda kale m'pepala la shuga, atasankhamo wowola wonse. Ankati maso anga amatopa kale ndi kompyuta, asatopenso ndi mtedza.

A Luckson atalemba filimu yachiwiri, anati munthu woyenera kusewera mkazi wa m'nkhaniyo ndi Faides. Anakapempha kwa Ezron mwaulemu wake.

Ezron anaseka. "Alamu, mkazi wangayu ngakhale kunama sadziwa, ndiye akasewera bwanji?" Pambuyo pake anavomera, koma anapempha chinthu chimodzi. "Amama musawauze. Iwo akaona munthu wafa mufilimu amafunsa tsiku la maliro. Ikatha yonse ndidzawaonetsa ndekha, nditakhala pambali pawo."

Mufilimuyo munali gawo lina limene anajambulira panyumba yogona alendo, masana. Mkazi akufika, akuyang'ana uku ndi uku, akudziphimba kumutu ndi chitenje, akugogoda pachitseko. Dzanja la mwamuna likutuluka nkumukokera mkati. Nkhope ya mwamunayo sioneka. M'nkhaniyo munthu wa m'chipindamo ndi mchimwene wake wodwala amene akubisala chifukwa cha manyazi, ndipo mkaziyo wamubweretsera chakudya, koma woonera amadziwa zimenezi kumapeto. A Luckson anajambula gawolo atabisala kuseri kwa mpanda wa maluwa, kamera ikunjenjemera dala, kuti zioneke ngati wina akuzonda.

Mnzawo wa ku Chipata, a Darius, ndi amene ankalumikiza zithunzizo. Anakonza kachidutswa ka mphindi imodzi kokopera anthu, dzina la filimu koyambirira, tsiku ndi malo oonetsera kumapeto. Dongosolo linali lakuti kachidutswako kayende milungu itatu, kenaka tionetse filimu muholo, ndiyeno tiyambe kuiika m'makhadi. A Luckson anandipatsa kachidutswako kuti ndikhale nako pakompyuta mpaka tsiku loyamba kukatulutsa.

M'mawa wa tsiku lomwe anandipatsa kachidutswako, Faides anafika pashopu ndi pepala lake la mtedza. Anadikira makasitomala achoke, nkundinong'oneza kuti ndi woyembekezera, miyezi iwiri, ndipo atachoka kuchipatala wafikira kwa ine asanauze wina aliyense. Ndinamukumbatira. Ndinamugulira fanta, ndinamuperekeza mpaka pokwerera. Akukwera anatembenuka nkunena kuti, "Asisi, nanunso tsiku lanu likubwera, ndimakutchulani m'pemphero."

3

Patapita masiku khumi, bambo wina wachikulire anaimika njinga pakhomo panga, nkutsitsa mawu.

"NyaZimba, ka mayi wa ku Magodi kaja muli nako? Akuti wagwidwa dzuwa likuswa mtengo."

Sankadziwa kuti akunena mng'ono wanga. Ndinamuuza kuti ndilibe, ndipo pa tsikulo zinali zoona. Tsiku lisanathe anabwera enanso anayi ndi funso lomwelo. Mmodzi anandionetsa pafoni yake. Kanali kachidutswa kaja, koma kopanda mutu ndi mchira. Dzina la filimu panalibe, tsiku loonetsera panalibe, nyimbo inali itachotsedwa. Panatsala Faides yekha, chitenje kumutu, chitseko, ndi dzanja la mwamuna.

A Luckson ataona anakhala pansi pakhonde ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro. Kenaka anaimbira a Darius. Sindinawamvepo akukalipa chotero. Anati kachidutswako kanali ndi anthu atatu okha, iwo, mkazi wawo ndi a Darius, ndiye wakuba angakhale ndani? A Darius analumbira, analira pafoni, koma a Luckson anadula. Ubwenzi wa kuyambira kusukulu unathera pamenepo.

Anayesetsa kukonza. Anatumiza kachidutswa kenikeni m'magulu onse a pafoni, anakweranso njinga yawo ya sipika akulengeza kuti anthu inu ndi sewero chabe, bwerani mudzaone yonse. Filimu tinaitulutsa msanga, tsiku lake lisanakwane. Holo inadzaza mpaka ena anaonera pazenera. Kushopu mzere unkafika kwa ogulitsa matayala. Chimene a Luckson analakalaka moyo wawo wonse chinachitika, koma iwo anaima kumbuyo kwa holo osayang'ana nkomwe.

Ku Magodi filimu yonse inafika mochedwa, ndipo sinathandize. Anthu anali ataona kale kachidutswako kambirimbiri. Anati zinazo asewera pambuyo kuti aphimbe manyazi, si mlamu wake yemwe ali ndi kamera? Akuluakulu a mpingo anamuuza Faides kuti ayambe wapuma kukwaya mpaka nkhani iyere. Mimba itayamba kuoneka, amayi pachitsime anayamba kuwerenga miyezi ndi zala, nkumafunsana kuti Ezron mwezi wakuti anali kuti.

Ezron atabwera kuchokera kutchire anafotokoza zonse, kuti iye mwini ndiye anavomera. Mayi ake, a NyaMtonga, anamufunsa funso limodzi: ngati unkadziwa, unatibisiranji? Anzake pabwalo la mpira ankamuseka. "Alonda a njovu, nanga pakhomo mwasiyira ndani?" Anapirira mwezi umodzi. Kenaka anamuuza Faides kuti akakhale kaye kwa adada athu mpaka mphepo ipite. Anamunyamula yekha panjinga. Faides anandiuza kuti asanakwere, Ezron anapinda jekete lake nkuliyala pakaliyala kuti mabampu asamupweteke.

4

Mphepoyo sinapite. Faides anabereka mwana wamkazi kwa adada, anamutcha Lukundo. Ku Magodi sikunachokere munthu wodzaona mwana. Ezron anatumiza sopo ndi kabulangeti kudzera mwa munthu wa minibasi, popanda uthenga. Chaka chitatha tinamva kuti abale ake amupezera mkazi wina.

Ine ndinkapita kwa adada pafupifupi Loweruka lililonse. Ndinkanyamula tizovala, mafuta, nsapato zoti mwana adzavala akadzayamba kuyenda. Adada ankandiyamikira pamaso pa alendo, kuti mwana wamkulu azikhala chonchi. Faides ankalandira ndi manja awiri nkuthokoza kuti yewo, asisi. Sanaleke kunditumizira mtedza. Pepala likafika ndinkalipereka kwa amayi oyandikana nane pamsika. Sindinkatha kuumeza.

Kutchalitchi ndinasiya kupita kutsogolo tsiku la mgonero. Mayi wina wachikulire amene timakhala benchi limodzi anaona, koma sanandifunse. Ankangondigwira dzanja pang'ono akamadzuka, nkupita yekha.

A Luckson anatsekera kamera m'bokosi. Anayamba kugulitsa mbewu ndi mankhwala a kumunda m'shopu ya munthu wina. Anthu ankawafunsa za filimu yachitatu, iwo nkungopukusa mutu. Tsiku lina tikudya anasiya mbale pakati nkunena kuti, "Ine ndi amene ndinapita kukapempha mwana uja. Ndinaphwanya banja la mlamu wanga chifukwa chofuna kutchuka." Ndinawauza kuti asadziimbe mlandu. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga bwinobwino.

Chaka chatha ndinapita ku Chipata kukagula makhadi. Ndikutsika minibasi ndi chikwama cholemera, munthu wina anachigwira mbali inayo. Anali a Darius. Anali atawonda. Ndinamva pambuyo pake kuti ntchito zambiri zinawathawa chifukwa cha mbiri yakuti amatulutsa zinthu za anthu. Anandipatsa moni ngati palibe chinachitika, anafunsa za a Luckson, anandinyamulira chikwama mpaka pashopu imene ndinkapita. Posiyana anati, "Mlamu, mukawauze kuti ine sindinawasungire kanthu. Amene anachita zija Mulungu akumudziwa."

Ndinayankha kuti ndikawauza. Ulendo wonse wobwerera ndinayang'ana pazenera kuti woyandikana naye asaone nkhope yanga.

5

Tsopano ndinene.

Tsiku lija nditamuperekeza Faides pokwerera, ndinabwerera kushopu nkutsegula kachidutswa ka a Darius. Ndinakaonera katatu. Ndikudziwa zimene anthu amafuna, ndi ntchito yanga. Kachidutswa kolembedwa kuti filimu ya ku Lundazi palibe amene akanakatumizira mnzake. Koma anthu akaganiza kuti chinthu chachitikadi, amachithamangira. Ndinadula dzina koyambirira, ndinadula tsiku kumapeto, ndinachotsa nyimbo. Sizinanditengere nthawi yoposa yophika tiyi. Ndinakaika m'kafoda ka Mbasela, ndipo masiku anayi otsatira kanalowa m'khadi lililonse limene linadutsa m'manja mwanga. Inali nyengo yogulitsa mtedza. Tsiku lachisanu mantha anandigwira, ndinakafufuta pakompyuta, koma makhadi anali atapita kale kumidzi.

Ndinkadziuza kuti ndi njira yotsatsira malonda, kuti ndikuthandiza amuna anga, kuti filimu ikatuluka aliyense adzaseka. Zimenezo zinalipo ndithu. Koma pali china chimene ndinachibisa ngakhale m'pemphero. Pamene ndinkadula, m'makutu mwanga munali mawu a Faides akuti miyezi iwiri. Iye chaka chimodzi chokha m'banja, ine zaka zisanu ndi zinayi. Sindinafune kuti banja lake lithe. Ndinangofuna kuti nayenso anthu amuloze chala pang'ono, adziwe mmene zimamvekera. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti theka la makasitomala anga ndi a ku Magodi.

Nditabwera kuchokera ku Chipata ndinapita kwa adada pakati pa sabata. Ndinamupeza Faides pamthunzi wa mango akusenda mtedza, Lukundo akusewera ndi makoko. Ndinakhala pansi nkuyamba kumuthandiza.

"Faides, kachidutswa kaja sanadule a Darius."

"Ndikudziwa, asisi." Sanadzutse nkomwe mutu.

Anandiuza kuti sabata yoyamba yomwe, mnansi wake ku Magodi anamuonetsa pafoni. Kanali m'kafoda kolembedwa kuti Mbasela. "Mu Lundazi monse ndani wina amaika kafoda kameneko? Si ine ndinkakuthandizani kukopera ndisanakwatiwe?"

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene, kwa Ezron, kwa adada, kwa a Luckson.

"Ndikananena, a ku Magodi akanati ndikunamizira mkulu wanga kuti ndidziyeretse. Banja langa silikanabwerera, koma lanu likanatha. Adada akanalandira ana awiri pakhomo pano." Anatola mtedza wina, nkupitiriza. "Musaganize kuti sizinkapweteka. Tsiku lina ndinasankha wowola wokhawokha, ndinadzaza pepala kuti ndikutumizireni. Ndinafika nalo mpaka pamsewu, nkubwerera. Ndinkapempha Mulungu kuti mudzanene nokha. Ndikanachita kukufunsani, mukanakana, ndipo ndikanatsala wopanda mwamuna, wopandanso mkulu wanga."

Ndinalira ngati mwana. Iye sanalire. Lukundo anabwera kudzandiyang'ana kumaso, nkundipatsa khoko la mtedza.

6

A Luckson ndinawauza tsiku lomwelo nditangofika. Ananena mawu ochepa. "Unkandiona ndikudziimba mlandu, nkumandiuza kuti ndidye." M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Chipata kukagwada kwa a Darius. Tikadali m'nyumba imodzi. Amandiyankha ndikawafunsa, koma nthabwala zija zinatha. Komabe m'mawa uliwonse ndimapeza matayala a njinga yanga atapopedwa, ndipo sindidziwa ngati ndithokoze kapena ndikhale chete.

Lamlungu lotsatira ndinapita ku Magodi ndekha, nditanyamula laputopu. A NyaMtonga anandilandira ndi moni wa kwawo, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa asanadziwe chimene ndadzera. Ezron anabwera nkukhala pakhonde. Mkazi wake watsopano, ali ndi khanda kumsana, anapereka moni nkulowa m'nyumba mwaulemu.

Ndinawaonetsa kachidutswa kenikeni, ndinawaonetsa pamene ndinadula, ndinanena chifukwa chake chonse osasiyako. A NyaMtonga sanayang'ane kwambiri pakompyuta. Ankayang'ana ine. Nditamaliza anafunsa ngati ndili ndi chithunzi cha mwanayo. Ndinawapatsa foni. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anaiyandikizanso.

"Makutu awa ndi a malemu amuna anga," anatero, nkudziphimba nkhope ndi chitenje.

Ezron analankhula akuyang'ana pansi. "Alamu, inu mwanena zanu. Koma ine ndinkadziwa kuti ndi sewero, ndinali pomwepo povomera. Chimene chinandikanika ndi kuima pamaso pa anthu." Anayang'ana chitseko chimene mkazi wake analowa, ndipo tonse tinamva zimene sananene. Kunyumbako kunalibenso malo a Faides.

Pochoka, a NyaMtonga anagwira nkhuku yathadzi, anaimanga miyendo nkuimangirira okha pakaliyala panga. Anati ndikapatse mdzukulu wawo, ndipo akadzakolola adzapita kukamuona. Anapitadi. Ndinalembera kalata akuluakulu a mpingo wa ku Magodi, inawerengedwa pamaso pa anthu, ndipo dzina la Faides linayera. Iye akuimba kwaya kumpingo wa kwa adada. Ezron amabwera kamodzikamodzi kudzaona Lukundo, amakhala pabwalo, amamwa madzi, nkubwerera dzuwa lisanapendeke. Mwanayo amamutcha malume.

7

Pamsika ena anasiya kundipatsa moni, ndipo sindiwadandaula. Kafoda ka Mbasela ndinakathetsa. Makasitomala amadandaula kuti ndauma manja, ena anasamukira kwina.

Mwezi watha mlimi wina wochokera kutali anabweretsa khadi lakale kuti ndimuikire mafilimu. Nditalitsegula ndinapeza kachidutswa kaja kali momwemo, Faides akugogodabe pachitseko. Ndinamufotokozera kuti ndi sewero, kuti mayiyo ndi mng'ono wanga ndipo sanalakwe kanthu, nkumupempha kuti ndikafufute. Anavomera mokoma mtima. Anati fufutani mayi, musavutike, kunyumba kali m'foni ina.

Inu amene mukuwerenga, ambiri muli ndi foni m'manja. Kanthu kakakufikani kopanda mutu ndi mchira, dziwani kuti pali amene anakadula, ndipo anali ndi chifukwa chake. Pamene chala chanu chikufuna kutumiza, kumbukirani kuti munthu wa pachithunziyo ali ndi apongozi, ali ndi mpingo, mwina ali ndi mwana m'mimba. Ndipo ngati muli ndi chimene mwabisa pamene wina akusenza mlandu wanu, musadikire zaka zitatu ngati ine. Ndikananena sabata yoyamba ija, Ezron anali asanakwatirenso.

Mulungu ndikukhulupirira kuti anandikhululukira, ndipo ndinabwerera kumgonero. Faides sananenepo kuti wandikhululukira, ndipo sindinamufunse. Koma dzulo pepala la shuga linafika pashopu kudzera mwa munthu wa minibasi. Ndinatseka chitseko, ndinakhuthulira mtedza wonse patebulo nkuuyang'ana umodziumodzi. Munalibe wowola ngakhale umodzi. Ndinapemphera, kenaka ndinadya.